Tsiku Limene Wayilesi Yanu Inanena Zoona

Pa doko la asodzi,
Senga Bay,
Salima.

Kwa Bwana Mkulu,
Wayilesi ya Mlomo wa Dziko,
Ku Likulu.

Bwana wolemekezeka, eni mawu ofika paliponse,

Ndalemba kalatayi nditagwada pamchenga wotentha, choncho ngati zilembo zina zapendekeka mundikhululukire, mawondo akupsa. Ine ndine Ester, mayi a Alinafe, mkazi wa a Yakobo Kamphinda, asodzi a utaka. Ntchito yanga ndi kuyanika nsomba pa thandala. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo ndikudziwa kuti sindine woyenera kulembera munthu ngati inu, amene mukatsokomola m'nyumba youlutsira mawu dziko lonse limadwala chifuwa. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Kwatsala masabata awiri kuti tisankhe mtsogoleri wa dziko, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu chichokereni amuna anga kupita panyanja, sanabwerebe. Zinthu ziwirizi zinakumanira m'wayilesi yanu, n'chifukwa chake ndagogoda pakhomo panu.

Ndisanadandaule ndiyambe ndathokoza, monga anatiphunzitsira ku Mvano.

Choyamba, zikomo potidziwitsa kuti ndife olemera. Tikanafa osadziwa. Mwezi wa June munatitumizira mtolankhani wovala nsapato zosongoka, amene anayenda padoko pano chonyanyamphira ngati mchenga wathu uli ndi minga. Anandiloza ndi chojambulira mawu n'kundifunsa mmene moyo ukuyendera pansi pa ulamuliro wa Olemekezeka a chipani cha Ambulera. Ndinamuuza kuti petulo wa injini akusowa, kuti maukonde akwera mtengo, ndiponso kuti nsomba zanga zimaola ndi mitambo ya m'nyengo yozizira chifukwa choumitsira chimene anatilonjeza chinathera pa mwala wa maziko. Iye ankangogwedeza mutu mwachifundo. Mawa lake masana ndinamva dzina langa pa wayilesi, mudzi wanga, ngakhale dzina la mwana wanga, kenako mawu a mayi wina wolankhula Chichewa cha m'tauni akunena kuti iye ndi Ester wa ku Senga Bay, ndipo chiyambireni ulamuliro wa Ambulera utaka umalowa wokha m'boti. Mayi ameneyo ndimamusirira, bwana. Mukadzamuona mumuuze kuti anzanga a ku Mvano akufuna awabwereke firiji imene anati ali nayo, chifukwa kwathu aifuna mpaka kuseri kwa chitseko osaipeza.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kafukufuku. Munalengeza kuti mwa asodzi 100 alionse a m'mbali mwa nyanja muno, 107 adzavotera Ambulera. Ena opanda ulemu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinazindikira kuti asanu ndi awiri apamwambawo ndi amene anamira zaka zapitazi, ndipo n'zosangalatsa kumva kuti kumene aliko akutsatirabe zochitika. Ndiulule pano kuti ochita kafukufukuwo tinawalandira bwino. Anabwera atavala zipewa za Ambulera n'kumatifunsa mwachinsinsi kuti tidzavotera ndani. Munthu wavala chipewa chotere, m'manja ali ndi nsalu zogawa, mungamuyankhe chiyani? Sabata yotsatira kunabwera a chipani chotsutsa cha Wilibala, nawonso ndi nsalu zawo, ndipo nawonso anapita akumwetulira. Kwathu ndili ndi nsalu zisanu ndi imodzi, zitatu uku zitatu uku. Nkhope ya Olemekezeka ndi imene imaphimba bwino nsomba ku ntchentche, chifukwa nsalu yake ndi yokhuthala, ndipo ichi ndikuchitira umboni mosakakamizidwa.

Chachitatu, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene pagona nkhani, zikomo potichotsera mwera. Inu a kumtunda mwina simuudziwa. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera imene imawomba miyezi yozizira ino, ndipo ikakwiya imanyamula boti la amuna asanu ndi mmodzi n'kuliponya ngati chikho. Kuyambira kale msodzi aliyense asanakoke boti amayamba wamva zanyengo za 6 koloko m'mawa pa wayilesi yanu. Koma kampeni itangoyamba, Olemekezeka ananena pamsonkhano kuti mu ulamuliro wawo dziko lili pa bata, kumtunda ndi panyanja pomwe. Kuyambira tsiku limenelo mwera unasowa pa wayilesi yanu. Denga la tchalitchi chathu linauluka muulutsi wanu akunena kuti kunja kuli kamphepo kayaziyazi. Ndinamva ndekha, wayilesi ndili nayo m'manja, lata likudutsa pamwamba pa mutu wanga kulowera ku Lifuwu.

Komabe sikuti mwera munautaya. Munausunga m'kabati kuti uzigwira ntchito ya boma. Tsiku lililonse limene a Wilibala anakonza msonkhano m'mbali mwa nyanja, m'mawa mwake munkalengeza kuti kukubwera mwera woopsa, anthu asatuluke m'nyumba, atseke mawindo, amange mbuzi. Ndipo masiku amenewo nyanja inkagona phee, mpaka munthu kuona nkhope yake m'madzi.

Chachinayi, zikomo potiphunzitsa kumvera. Poyamba tinavutika, sindinama. Mabwato awiri anagubuduka, maukonde anapita. Kenako komiti ya padoko inakhala pansi n'kuona kuti wayilesi yanu si yoipa ayi, koma ife ndi amene tinkaimvera chadodolido. Ili ngati utaka wa pa thandala: sungaudye mbali imodzi yokha itauma, umayenera kuutembenuza. Choncho tinasankha a Bilali, amene anagwirapo ntchito yomasulira mawu kukhoti asanapume, kuti akhale Wotembenuza Nkhani wa doko lino. M'mawa uliwonse amakhala pa boti lakale logadabuzika, wayilesi ili pamwendo, kofiya ali kumutu, ife titazungulira. Muulutsi wanu akati kuli bata, a Bilali amakweza dzanja n'kulengeza kuti lero palibe wopita panyanja. Akati kuli mwera, amuna amathamangira kumaboti. Akati petulo wafika wambiri m'dziko, timayamba kusema nkhafi. Akati kumsonkhano wa a Wilibala kunali anthu khumi ndi galu mmodzi, timadziwa kuti akabaza a ku Salima anagona ndi miyendo yotupa chifukwa chonyamula anthu. Tsiku lina munalengeza kuti Olemekezeka ali ndi thanzi labwino kwambiri, ndipo amayi a Mvano tinasala kudya tsiku lonse kuwapempherera.

Bwana, ndikunena mosakometsa: kwa miyezi iwiri yathunthu wayilesi yanu inali yodalirika kuposa nthawi ina iliyonse chibadwire changa. Sinaphonyepo ngakhale kamodzi. A Bilali ankati wallahi, pa zaka zonse zimene anakhala kukhoti sanaonepo mboni yokhulupirika chotere, yonama mosasinthasintha kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Asodzi a ku chilumba cha Mbenji anatumiza nthumwi kudzaphunzira njira yathu. Ngakhale ogwira ntchito m'malo ogona alendo anayamba kubwera m'mawa kudzafunsa ngati n'kotheka kutengera azungu awo kuchilumba.

Mwina mufunsa kuti bwanji sitinangosintha n'kumamvera wayilesi ina. Tinayesa. Ilipo ina, Chibakera FM, imene imakonda a Wilibala monga inu mumakondera Ambulera. Iyo imati nsomba zinathawira ku Mozambique chifukwa chochita manyazi ndi Olemekezeka, ndipo a Wilibala akadzangolumbira zidzabwerera zili pamzere. A Bilali anayesa kutembenuza mawayilesi onse awiri tsiku limodzi, anachita chizungulire mpaka tinawathira madzi. Komanso Chibakera ilibe zanyengo, nthawi yake anaigulitsa kwa sing'anga wina wobweza mwamuna wothawa. Tinabwerera kwa inu, chifukwa bodza lozolowera limaposa bodza lachilendo.

Munthu mmodzi yekha padoko pano anakana kutembenuza. Ndi a Francis, tcheyamani wa Ambulera m'dera lino. Iwo mawu anu amawameza osatafuna. Mukati bata, amakoka boti okha anzawo akuwaletsa, ndipo kawiri konse tinawavuula ndi chingwe ali ndi madzi m'mimba. Atasanza madziwo ankati wayilesi sinalakwe, koma nyanjayi ndi yotsutsa boma. Muwakumbukire a Francis, abweranso kutsogoloku.

Tsopano ndafika pa dandaulo, ndipo ndi limodzi lokha.

Chachisanu. Lachiwiri la sabata yatha a Wilibala anakonza msonkhano pabwalo la mpira kuno ku Senga Bay. Monga mwa mwambo wanu, 6 koloko m'mawa muulutsi analengeza kuti kukubwera mwera woopsa kwambiri, asodzi asayerekeze kupita panyanja, anthu onse akhale m'nyumba. Tinaseka ndi chimwemwe. A Bilali anakweza dzanja n'kunena kuti lero ndi tsiku la nsomba. Maboti asanu anayamba kukonzeka, limodzi mwa iwo ndi la amuna anga, lotchedwa Tiyesenso.

A Yakobo sanathamange ndi anzawo. Anaima m'madzi ofika m'mawondo akuyang'ana kummwera nthawi yaitali, kenako anabwera pa thandala langa n'kundiuza kuti mitambo ya uko sakuikonda, ndipo madzi akuwamva kuzizira kwachilendo. Bwana, ichi ndi chimene chikundidya. Ine ndi amene ndinawaseka. Ndinawafunsa ngati mitambo inapita kusukulu kuposa wayilesi ya dziko lonse. Ndinawakumbutsa kuti a Wilibala ali ndi msonkhano, ndiye mwera ungachokere kuti? Ndinawauza kuti thandala langa lakhala lopanda kanthu masiku anayi, ndipo mwamuna woopa mitambo akagone ndi mitamboyo. Anaseka, anandisiyira foni yawo kuti ndikaitchaje kwa a sola, anakwera boti ndi anzawo asanu, napita.

Nthawi ya 10 koloko mwera unafika. Unafika ndendende monga munanenera, woopsa kwambiri, osachotsera osawonjezera. Unagwetsa nsanja ya a Wilibala, unanyamula mipando, unasesa mathandala onse padoko. Panyanja panali poyera ndi thovu mpaka kumene maso amalekezera.

Bwana Mkulu, tinakulakwirani chiyani kuti mutinenere zoona popanda chenjezo? Ndikudziwa kuti simunachite dala. Ndikudziwa kuti inu munkangofuna kubalalitsa msonkhano monga mwa masiku onse, ndipo mphepo ndi imene inakuchitani chipongwe pobwera. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, koma wamisala ameneyo sanali ndi mlongoti wofika dziko lonse. Munthu amene wanama mokhulupirika miyezi iwiri ali ndi udindo kwa omvera ake. Sangangodzuka tsiku limodzi n'kunena zoona ngati kuti palibe amene akumudalira. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye nkhonya iyi ilandireni, ngakhale ndi ya mayi wonunkha nsomba.

Chachisanu ndi chimodzi, ndibwerere ku kuthokoza, chifukwa kudandaula nthawi yaitali pamaso pa akuluakulu ndi mwano. Mwa maboti asanu aja, atatu anakabisala ku Mbenji ndipo anabwera Lachinayi. Boti lachinayi mphepo inalikankha mpaka kutsidya, ku Makanjira, kumene asodzi ake anatsika akukwawa, milomo itasweka. Zinangochitika kuti tsiku lomwelo kumeneko kunali msonkhano wa Ambulera. Zikomo kwambiri polengeza kuti asodzi a ku Salima, chifukwa chokonda Olemekezeka, anawoloka nyanja yonse pakati pa namondwe kuti akamve mfundo zachitukuko. Akuti anawaveka malaya a chipani asanawapatse madzi akumwa, ndipo mmodzi anakomoka ali pa nsanja, inu n'kunena kuti wagwa ndi chimwemwe.

A Francis aja, Lachiwiri limenelo anamvera wayilesi osatembenuza monga mwa chizolowezi chawo, anatseka mawindo, anamanga mbuzi, ndipo sanataye ngakhale chingwe. Lero akuyenda padoko chifuwa chili patsogolo ngati mneneri. Akuuza aliyense kuti amene anapita panyanja anapita chifukwa chosakhulupirira boma. Ndipo anthu, bwana, anthu! Ena amene dzana ankalumbira kuti adzavotera Wilibala ayamba kunena kuti mwina Ambulera ili ndi mphamvu pa mphepo, si bwino kuiputa. Ena akuti mwera unatumidwa kuti ugwetse nsanja, ndiye adzavotera Wilibala pobwezera. Azakhali anga akuti iwo adzachonga pamene amachonga nthawi zonse, chifukwa ndi pamene ankachonga malemu amayi awo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akufunsa za petulo kapena za choumitsira nsomba chija. Pa ichi mukhoza kunyadira, ntchito yanu yabala zipatso.

Chachisanu ndi chiwiri. Boti lachisanu, Tiyesenso, silinaoneke. Amuna akhala akulifuna kuyambira ku Lifuwu mpaka kuzilumba, ndi petulo wosonkherana, osapeza ngakhale thabwa. Mafoni a anzawo a Yakobo sakupezeka. Ya amuna anga ili ndi ine, yodzaza moto, ndipo ndimangoiyang'ana.

Loweruka m'mawa tinasonkhana pa boti logadabuzika lija monga kale, akazi asanu ndi mmodzi tili kutsogolo. Muulutsi wanu, ndi mawu ake okoma aja, analengeza kuti chifukwa cha utsogoleri wanzeru wa Olemekezeka, asodzi onse amene anasowa ku Salima apezeka ali moyo, ali bwinobwino, ndipo abwerera kwawo posachedwa.

Palibe amene analulutira. Tonse tinatembenuka kuyang'ana a Bilali. Iwo anazimitsa wayilesi, anavula kofiya n'kuika pamwendo. Kenako anati dzino lawapweteka, sangathe kugwira ntchito lero, ndipo ananyamuka n'kumapita osacheuka. Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso padoko. Ndakhala nawo pafupi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndikudziwa kuti m'kamwa mwawo munatsala mano atatu okha, onse olimba.

Ndiye taonani pamene mwatiika. Ngati uthenga uja unali wa mtundu wanu wa masiku onse, ndiye kuti ndine wamasiye, ndipo ndikuchedwa kulira. Ngati unali wa mtundu wa Lachiwiri lija, ndiye kuti a Yakobo ali penapake kutsidya akudikira thandizo, ndipo kulira kungakhale kuwatemberera. Abusa akuti sangachititse mwambo wa maliro a munthu amene wayilesi ya dziko yati ali moyo. Mnzanga Zahra, mkazi wa a Shukuru amene amayendetsa injini ya Tiyesenso, anapita kwa a shehe kukafunsa ngati ayambe masiku ake olira mwamuna monga mwa Chisilamu, ndipo a shehe anamuuza kuti ayambe wadikira. Apongozi anga anabwera ndi nkhuni za pamaliro, anaziunjika kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lililonse timazilambalala ngati sitikuziona. Alinafe amandifunsa kuti bambo abwera liti, ine ndimamuuza kuti wayilesi yati posachedwa, iye n'kuyamba kulira, chifukwa naye anakulira padoko pano ndipo kutembenuza amakudziwa.

Ndayesa kuimba foni ku ofesi yanu kanayi. Mtsikana woyankha amandiuza mwaulemu kuti nkhani imene yaulutsidwa ndi yotsimikizika. Mawu amenewo ndi amene akundiopsa kwambiri.

Choncho, bwana wanga, ndikugwira mwendo wanu ndi zopempha ziwiri zazing'ono, zosafuna ndalama ya boma.

Loyamba ndi pempho la doko lonse. Sitikukupemphani kuti musiye kunama. Tikudziwa kuti muli ndi ana kusukulu, ndipo chisankho chikadutsa, wopambana aliyense adzafuna mlomo womwewu. Tikungopempha kuti tsiku limene mwaona kuti zoona zikhoza kukupulumukani, muziyamba mwaliza belu, kapena muziimba kanyimbo kapadera, kuti ana ndi asodzi azichotsedwa pafupi ndi wayilesi. Mukatichitira zimenezi, ndikulonjeza kuti ine, Zahra ndi akazi anzathu anayi aja tidzadzuka m'mamawa tsiku lachisankho kukavotera Ambulera ndi mtima wonse. Lonjezo limeneli mulilandire monga momwe ife timalandirira nkhani zanu.

Lachiwiri ndi langa ndekha. Mawa 6 koloko m'mawa ndidzakhala pa boti logadabuzika lija, wayilesi ili pamwendo panga, foni ya amuna anga ili m'manja. Muuzeni muulutsi wanu yemwe uja, wa mawu okoma, amene sanatikhumudwitsepo kupatula kamodzi. Alankhule pang'onopang'ono, atchule dzina lonse, asalakwitse. Alengeze ku dziko lonse kuti a Yakobo Kamphinda a ku Senga Bay, pamodzi ndi anzawo asanu a m'boti la Tiyesenso, anamira, ndipo n'zotsimikizika kuti sadzabweranso.

Mukatero, bwana, ndidzabweza nkhuni zija kwa apongozi, ndidzasesa pakhomo, ndipo ndidzawachapira malaya awo a kutchalitchi.

Ine womvera wanu wokhulupirika, amene sindinaphonyepo pulogalamu yanu ngakhale tsiku limene ndikanayenera kuiphonya,

Ester Kamphinda,
mayi a Alinafe,
woyanika nsomba, thandala lachitatu kuchokera pa mtengo wa mkuyu.